Phewa Langa Latsika ndi Zala Ziwiri

4 Epulo

Mayi a ana anga,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana, ndi apongozi omwe. Ine ndilipo, ndikudya, ndikuyenda ndi miyendo yanga. Musadabwe ndi zilembo zokongolazi, si zanga ayi. Akulemba ndi mlongo wanu, ine ndangokhala pabedi ngati bwana kumayankhula. Mkono wanga wamanja uli m'kansalu kokoleka m'khosi.

Musayambe kulira musanamalize kuwerenga, ndimakudziwani. Lachiwiri lapitali ndinagwa kuntchito. Tinali titasenza paipi ine ndi mlamuyu monga mwa masiku onse, ine kutsogolo iye kumbuyo, tikulowa m'kanjira kopanikiza kopita kumashelefu, kumene galimoto yonyamulira katundu siikwana. Ndinaterereka. Tingoti ndinaterereka. Ndinagwera nsonga ya phewa pasimenti, paipi n'kunditsatira pomwepo.

Atandivula malaya, anzanga onse anaunjikana kudzaona. Fupa lija lopingasa, lochokera pakhosi kudzafika paphewa, nsonga yake inali itadzuka, khungu lili njo, mkono wonse utalendewera pansi. Magazi kunalibe. Bola akanakhalapo, munthu umadziwa poyang'ana.

Kuchipatala anandijambula mafupa. Adokotala ake ndi bambo wamfupi wamagalasi, wosaseka. Anadina fupalo ndi chala, linatsika. Atachotsa chala, linadzukanso lokha. Anatero katatu konse, ine thukuta lili kamukamu.

Ndinati, "Adokotala, kodi lathyoka?"

Anati, "Likanathyoka bwenzi nkhani ili yapafupi, fupa limalumikizana lokha. Apa zaduka ndi zingwe zake."

Akuti nsonga ya fupali imamangidwa ndi timitsempha tolimba kuti isadzuke. Kwa ena timangotamuka, amavala kansalu masabata angapo basi achira. Kwa ine tonse taduka, ndipo poti ndine munthu wodyera phewa, palibe kuchitira mwina koma kung'amba. Opaleshoni ndi Lachinayi likubwerali. Pofika kalatayi adzakhala atandisoka kale, ndiye kulira kwanu kudzakhala kochedwa.

Za kunyumba: jekete langa lakuda lija likadali pamsomali kuseri kwa chitseko? Mulitulutse padzuwa, njenjete zingalimalize. Ndikudziwa mudzakwera pampando uku mukunyinyirika kuti munakwatiwa ndi mzati, poti msomaliwo ndinaukhomera m'mwamba. Musautsitse ayi, ana angamapise m'matumba. Si mlandu wanga kuti kutalika konse kwa kwanu kunapita kwa mlongo wanu, inu n'kutsala opanda.

Apongozi musawauze kanthu, angadwale ndi maganizo. Mlamu akupereka moni. Sakudya bwino masiku ano. Akuti zimenezo asalembe, ndamuuza kuti alembe.

Ndine mwamuna wanu.

18 Epulo

Mayi a ana,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu yandipeza, ndipo ndaona pamene inki inabalalika ndi madontho. Ndinakuuzani kuti musalire. Ine ndili moyo, ananding'amba, anandisoka, ndabwerera kuchipinda. Zilembo zopindikapindikazi ndi za dzanja lamanzere. Mwana wathu wachisamba akaziona asandiseke, tsamba limodzi likunditengera m'mawa wonse. Ndasankha kuvutika chonchi chifukwa pali zina zimene munthu sungalembetse mlamu wako.

Za opaleshoni ndikukumbukira zochepa. Anandiveka chimwinjiro chotseguka kumbuyo, bambo wamkulu ine kumbuyo konse kuli pamtunda. Namwino anajambula muvi ndi cholembera paphewa lamanja, akuti kuopa kung'amba labwino. Ndinaseka pakamwa pokha. Ndinachita mantha, mayi, sindibisa. Anandiika chinthu pamphuno, akuti werengani mpaka khumi. Ndinalekezera pa zinayi. Podzuka kukhosi kuli gwa, phewa likulemera ngati ndabwereka la munthu wina.

M'mawa mwake adokotala anandionetsa chithunzi. Andiika kachitsulo kotalika ngati chala, kogona pamwamba pa fupa lodzuka lija, komangidwa ndi timabawuti tisanu. Kumapeto kwake kuli kangowe kamene kalowa pansi pa fupa lina la paphewa, lokhala ngati kadenga. Kangoweko ndiko kakugwira fupalo kuti lisadzukenso. Pachithunzi kamaoneka mbee, kokongola ndithu.

Ndinati, "Ndiye kuti tsopano ndalimba kuposa kale?"

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Anati, "Onse a ntchito ngati yanu amafunsa zomwezo. Munaonapo omanga akathira simenti pamwamba pa khomo? Amachirikiza ndi mtengo mpaka iume. Kachitsuloka ndi mtengo umenewo, simenti yake ndi zingwe zanu. Zimauma pang'onopang'ono. Mukasenza katundu kadakali m'katimo, kangoweko kamadya fupa. Pakatha miyezi inayi tidzang'ambanso n'kukachotsa. Mpaka tsiku limenelo, mkono uwu usanyamule cholemera kuposa kapu ya tiyi, ndipo paphewapo pasagone kanthu."

Miyezi inayi, mayi.

Masiku ano ndasanduka khanda. Batani la malaya likundigonjetsa. Buledi ndimamupanikiza ndi bondo podula. Mlamu amandimangira nsapato m'mawa asanapite, amandisambitsa kumsana, amandichapira. Amachita zonse mosanyinyirika, koma maso ake sakumana ndi anga. Kuntchito anamupatsa tsache, akusesa pabwalo.

Ndatumiza kangachepe, mwezi uno n'kochepadi. Muyambe ndi nsapato za mzime wathu, zinazo zidikire. Chitseko cha kukhitchini musalole kuti chizikhula pansi mpaka kugwa, itanani kalipentala wa kuseri uja, osati wa kumsika, amene uja amabwera atalawa.

Mwafunsa kuti ndinaterereka bwanji munthu amene ndayenda m'kanjira kameneko zaka zisanu ndi chimodzi. Pansi panali pouma. Zinazo tidzakamba.

Ine wanu.

16 Meyi

Mayi a ana,

Ndikupereka moni, ndipo mtima wakhala pansi pomva kuti chifuwa cha mzime chatha. Kuno ulusi anachotsa, bala lauma, chatsala chipsera. Ndikapapasa ndimakamva kachitsuloko pansi pa khungu, ndipo kukazizira kamayamba ndiko kundiuza. Anzanga andipatsa dzina, akuti Chitsulo. Wina anabwera ndi maginito kudzayesa ngati amata. Sanamate, anthu anaseka mpaka misozi, inenso ndinaseka nawo. Atachoka ndinakhala n'kumayang'ana mabuti anga pakona.

Lachitatu lililonse ndimapita kwa mayi wa mafizo, wondiphunzitsa kuwongola mkono. Ndi mayi wonenepa, wansangala, wopanda chisoni m'pang'ono pomwe. Amandiimika moyang'ana khoma kuti ndizikwawitsa zala kukwera m'mwamba, pamene ndalekezera amalembapo ndi pensulo. Munthu wosenza paipi ya mamita sikisi, lero akundiombera m'manja chifukwa zala zakwera njerwa imodzi! Akuti ndisapitirire pamene pali phewa mpaka kachitsuloka katachoka, pambuyo pake ndiye tidzakwera mpaka kudenga.

Mwafunsa chifukwa chake mlongo wanu akusesa m'malo mosenza ndi munthu wina. Pali khoma lina limene sindinakuuzeni bwino. Kuntchito kwathu, mu shedi pafupi ndi geti, munthu watsopano amamuimika msana kukhoma atavala mabuti, kapitawo n'kulemba mzere wa choko pamene pafika phewa lake lamanja. Osenza paipi amawaphatikiza awiriawiri poyang'ana mizereyo. Ikasiyana kupitirira chala chimodzi sangasenze limodzi, chifukwa kulemera konse kumathamangira kwa wamfupi. Pabwalo ponse wamtali ndine. Mnzanga wakale atabwerera kwawo, mzere wanga unatsala wokha m'mwamba, ndiye chifukwa chake ndinaitana mlamu. Tsiku limene anaima pakhomapo, mzere wake unalingana ndendende ndi wanga, kapitawo mpaka anaimba mluzu. Anamulemba ntchito chifukwa cha phewa langa. Popanda ine alibe wosenza naye.

Lachisanu kapitawo anabwera kuchipinda kuno. Si munthu woipa, anabwera ndi malalanje. Anakhala pabedi la mlamu, chipewa pabondo.

Anati, "Chitsulo, ndinene mosazungulira. Munthu wa tsache sindingamusunge kupitirira mwezi uno. Mzere wopanda mnzake timafufuta."

Ndinati, "Nanga wanga?"

Anati, "Mizere iwiri ija imayendera limodzi, ukudziwa iwe."

Ndinamuuza kuti adokotala anakaniza mpaka Ogasiti. Anati iyenso ali ndi omukaniza ake ku ofesi. Potuluka anagogoda phewa lake ndi chala, akuti, "Koma si chitsulo chili m'menemo? Fupa ndi chitsulo cholimba n'chiti?"

Mwalemba kuti maso a apongozi akuipiraipira, ndipo mankhwala awo onse akuchokera m'manja mwa mlamuyu. Mawu amenewo ndawawerenga kangapo. Sindikuti munalemba dala.

Musade nkhawa, sindichita zopusa. Ana muwauze kuti bambo awo ali ndi chitsulo m'thupi, akawopseze nazo anzawo kusukulu.

Mwamuna wanu.

13 Juni

Mayi a ana,

Moni, moni. Taonani zilembozi, dzanja lamanja labwerera pantchito yake! Ndili bwino kwambiri, kansalu ka m'khosi ndinataya. Inunso ndikhulupirira muli bwino nonse.

Ndinabwerera kuntchito pa 1. Musakwiye. Ndi ntchito yopepuka, timasankha mapaipi ang'onoang'ono. Poyamba tinayesa kusenzera kumanzere, koma mashelefu onse ali kudzanja lamanja kwa kanjira kaja, ndiye potsitsa paipi imadutsa pamutu. Komanso mlamu kumanzere amadzandira ngati mwana wophunzira kuyenda. Tinabwerera kumanja. Ndinasoka nkhata ya paphewa yokhuthala kawiri, ya bulangete lakale, moti kachitsuloko sikakhudzidwa kwenikweni.

Anzanga anandilandira ndi mluzu. Onse akuti munthu woikidwa chitsulo amaposa wa mafupa okhaokha, wina akuti amalume ake anakhala nacho m'mwendo mpaka kumwalira ali nkhalamba. Madokotala amawonjeza dala masiku kuti asadzapatsidwe mlandu, ndi mmene akunenera. Ndipo zoona, ululu ndi wochepa. Kamangolira pang'ono ndikatsitsa katundu, kuti khe, ngati chitseko chofuna mafuta.

Kwa mayi wa mafizo sindinapiteko kawiri, Lachitatu ndilo tsiku lobwera malole. Ndidzapita zikachepa.

Mlamu wasiya tsache, wayambanso kudya. Ndatumiza zokwanira mwezi uno, ndipo m'phukusi muli nsalu yanu yobiriwira ndi masokosi a ana. Apongozi mukawaone, muwauze kuti mwana wawo akugwira ntchito bwino.

Wanu, Chitsulo.

25 Julayi

Mayi a ana,

Moni. Makalata anu atatu onse ndinalandira, ndipo mukulondola kundikalipira chifukwa chokhala chete. Sikuti ndakuiwalani. Ndikaweruka, dzanja limakana kugwira cholembera. Lero ndi Lamlungu, ndapumula, ndiye ndilemba pang'onopang'ono.

Thupi lonse lili bwino, phewa lokha. Sindigonera kumanja. Tsitsi ndinametetsa mpala, ndinauza anzanga kuti ndi sitayilo, koma chenicheni n'chakuti chipeso sichifika kumutu. Kulira kuja kwasintha, tsopano ndimamva ngati wina akupala m'katimo ndi supuni. Mapaipi ang'onoang'ono aja anatha sabata yoyamba yomwe, lole siifunsa kuti wadwala ndani.

Mwabwerezanso funso lija, mwati munthu woterereka sanena kuti tingoti. Munakwatiwa ndi wamtali koma nzeru zinapita kwa inu. Chabwino, ndikuuzani, koma kalatayi mukawerenga muiwotche.

Pantchito yathu lamulo lalikulu ndi limodzi. Wakutsogolo saona za kumbuyo, ndiye wakumbuyo sasuntha paipi, satsitsa, sasintha phazi, asanakuwe kuti "Tsitsa!" Woponya paipi osakuwa amachotsedwa tsiku lomwelo, ngakhale akhale mwana wa bwana. Mlongo wanu anali ndi chilonda paphewa, chonyuka ndi paipi, monga amachitira atsopano onse. Anachibisa kuopa kusekedwa kuti ndi wofooka, ngakhale ine wogona naye chipinda chimodzi sanandiuze. Tsiku lija paipi inamukhudza pachilondapo, iye n'kuitukula kuti aisunthe pang'ono, osakuwa. Inamupulumuka. Mbali yake itamenya pansi, mbali yanga inandikwapula n'kundigwetsa.

Tikudikira kuchipatala anandinong'oneza akulira, akuti, "Alamu, ndinangofuna kusuntha pang'ono pokha."

Ndinati, "Tseka pakamwa. Ndaterereka. Wamva?"

Ndi zimene ndinauza kapitawo, ndi zimene zinalembedwa. Ndinaganiza za apongozi, ndinaganizanso za inu, kuti mudzayang'ana bwanji amayi anu mwamuna wanu atachotsetsa mwana wawo ntchito.

Ndimamukwiyira, mayi. Ndinene zoona. Nthawi zina ndikamva mpweya wake kumbuyo kwanga m'kanjira kaja, mtima umandiwira. Koma naye akuyesetsa. Masiku ano amasendera dala chapakati pa paipi kuti kulemera kwambiri kugwere iye, akuganiza kuti sindidziwa. Paipi imavina kumbuyoko, iye miyendo ili njenjenje, koma sadandaula. Ndipo amakuwa "Tsitsa!" mokweza mpaka a ku ofesi amasuzumira pawindo.

Tsiku lochotsa kachitsulo ndi pa 12 Ogasiti. Atsala masabata awiri ndi theka. Ndikangofika pamenepo ndiye kuti tawoloka tonse awiri. Mundipempherere, ndipo mlongo wanu musamulembere za zimenezi.

Ine mwamuna wanu.

22 Ogasiti

Mayi a ana,

Moni kwa inu ndi ana. Ndabwerera ku dzanja lamanzere, mwaona kale. Mlamu anati andilembere, ndakana.

Kachitsulo anachotsa. Koma ndiyambe ndi dzulo lake la opaleshoni, pamene anandijambulanso. Adokotala anapachika zithunzi ziwiri pagalasi lowala, cha Epulo ndi chatsopano. Ngakhale ine wosaphunzira ndinaona kusiyana. Pa chatsopano timabawuti tiwiri tinali titapendekeka, kangowe kaja katalowa m'fupa la pamwamba, pozungulira pake pali mdima.

Anafunsa osanditembenukira, "Mwakhala mukunyamula chiyani?"

Ndinati, "Tinthu tochepa, adokotala."

Anatsegula malaya anga n'kuloza chikanga cha paphewa, chakuda, chatsopano. Anati, "Kapu ya tiyi siisiya chotere."

Ndinayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangovula magalasi n'kutikita m'maso. Anafunsa kuti ndinayamba liti. Nditanena kuti Juni, anawerenga ndi zala, anati masabata asanu ndi awiri okha chichitireni opaleshoni. Kenako anati, "Bambo, munapatsa zingwe ntchito zisanaume."

Ananding'amba pa chipsera chomwe chija. Ulendo uno sindinaope, ndinangotopa. Podzuka ndinapapasa pabandeji, ndipo ndinamva ndekha kuti kaphiri ka fupa lodzuka lija kabwerera. Adokotala anabwera masana. Akuti atangomasula kachitsuloko fupa linadzukanso pomwepo, zingwe sizinagwire, zinangotamuka n'kukhala zipsera. Kangowe kanakumba dzenje m'fupa la pamwamba, latsala lopyapyala, ndipo kanapalanso mnofu umene umakweza mkono.

Ndinafunsa ngati angaikenso china. Akuti ilipo opaleshoni ina, yotenga mtsempha kumwendo n'kudzamangira paphewa. Ikhoza kuchepetsa ululu ndi kutsitsa kaphiriko, koma si ya chaka chino, mpaka fupa lodyekalo litapola. Ndinati nanga paipi? Anati, "Paipi iwalani. Ndi opaleshoni kapena popanda opaleshoni, phewa ili lamaliza kusenza. Mkono tiyesetsa kuti uzifika pakamwa ndi pathumba la malaya. Kupitirira phewa sindikulonjezani."

Namwino anandipatsa kachitsuloko m'kabotolo, atakatsuka, ndi timabawuti take. Akuti ena amakonda kusunga. Ndili nako pawindo apa. N'kopepuka, mayi, supuni imalemera. Ndimakayang'ana n'kumadzifunsa kuti ndinakhulupirira bwanji kuti kanthu kotere kangasenze mabanja awiri.

Ndalira. Ndinadikira kuti mlamu apite kuntchito, ndinatseka chitseko, ndinalira ngati mwana. Sindikudziwa amene ndikumukwiyira kwambiri, iye, kapitawo, kapena mwini wakene. Adokotala anandiuza zonse momveka, m'chilankhulo chosavuta, ine n'kukamvera anthu a maginito.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Ana musawauze kaye.

Ine.

12 Seputembala

Mayi a ana anga,

Moni womaliza wa papepala ndi uno, wotsatira ndidzapereka pakamwa. Ndikhulupirira muli bwino. Ine bala lauma, ulusi anachotsa. Kalata yanu ndinalandira. Mwati ndingobwera, zinazo tidzaonera limodzi. Mawu amenewo ndawapinda, ali m'thumba la malaya.

Lolemba ndinapita kuntchito. Ndinali ndi kapepala ka adokotala, koma mumtima ndinkati mwina. Mwina kumanzere, mwina nkhata yokhuthala katatu. Kapitawo sanawerenge n'komwe kapepalako. Anati, "Chitsulo, tiye kukhoma."

Ndinaima msana kukhoma pamalo panga, mabuti kuphazi, anzanga atazungulira. Ndinadziwongola mmene ndingathere, mpaka kupuma ndinasiya. Kapitawo anagoneka choko paphewa langa, panja pa kaphiri kaja pamene pamagona paipi, n'kulemba. Nditachoka ndinatembenuka. Mzere watsopano unali pansi pa wakale. Anaikapo zala zake pakati, zinakwana ziwiri. Palibe anaseka. Wa maginito uja anayang'ana kumbali.

Pageti panali munthu wina wamtali, wakhala akubwera kudzafuna ntchito chiyambire mwezi uno. Anamuitana, anamuimika. Mzere wake unalingana ndi wa mlamu. Ndiye mlongo wanu ntchito ali nayo, apongozi mankhwala awo sasowa. Zimenezo zokha ndiye zayenda.

Kuno wochoka amafufuta yekha mzere wake. Kapitawo anandipatsa kasanza konyowa. Ndinakagwira ndi dzanja lamanja mwachizolowezi, ndinakweza, mkono unaima panjira. Mzere wa phewa langa lomwe, dzanja langa kulephera kuufika! Ndinasinthira kumanzere n'kufufuta yonse iwiri, wakale ndi watsopano.

Ndisanatuluke ndinamukokera kapitawo pambali. Ndinati, "Ndikupempha chimodzi. Mlamu wangayu umuike kutsogolo, watsopanoyu kumbuyo."

Anati, "Watsopano kumbuyo? Chifukwa?"

Ndinati, "Basi, ndapempha."

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Pansi paja panali pouma tsiku lija, ndinakaona ndekha." Lachiwiri mlamu anali kutsogolo. Watsopanoyo ndinakhala naye pansi theka la ola, ndinamuphunzitsa kusoka nkhata, ndinamuuza kuti chilonda sabisa ndipo pakamwa satseka. Nkhata yanga ndinamupatsa yemweyo.

Mlamu akuti adzandinyamulira chikwama mpaka pabasi. Dzulo anagwada pakati pa mabedi athu, akuti azitumiza theka la malipiro ake kwa ife. Ndinamuuza kuti adzuke, pansi pali fumbi. Kumukhululukira sindinafike, musandifulumizitse. Koma chikwamacho ndamulola. Apongozi asadzamve kanthu, kwa iwo ndinaterereka, ndipo zidzakhala choncho mpaka kalekale.

Ndinyamuka Lachinayi, ndifika Loweruka masana. Mudzabwere ndi wachisamba kudzathandiza katundu. Mzime mumugwire dzanja ndikamatsika, ndikumudziwa, adzathamanga kuti ndimunyamule m'mwamba ngati kale. Mumuuze kuti bambo atopa ndi ulendo, ndidzakhala pansi iye adzakwere pamwendo. Mukadzaona malaya akupendekeka mbali imodzi musadzalire pagulu, mudzasunge mpaka kunyumba. Za ntchito imene ndidzagwire musandifunse tsiku loyamba, yankho ndilibe.

Chomaliza. Msomali uja kuseri kwa chitseko muuzule. Muukhome pamene inu mumafikira osakwera pampando. Muchite zimenezi ndisanafike, ana asadzandione ndikuyesa.

Ndine mwamuna wanu, ndikubwera.